Mlandu suwola, koma munthu amawola: kalata kwa osunga makiyi a zitokosi

Kwa nduna zoona za chilungamo, akuluakulu a apolisi, majaji ndi amajisitireti, oimira boma pa milandu, ndi aphungu opanga malamulo,

Olemekezeka nonse,

Ndikulemberani za anthu amene palibe amawaombera m'manja: woganiziridwa kuba, woganiziridwa kupha, woganiziridwa kugwiririra mwana. Ndikudziwa kuti wandale akayankhulira anthu otere amataya mavoti, ndipo wapolisi akaoneka ngati akuwamvera chisoni anthu amanong'onezana kuti walandira kenakake. Ndilembabe, chifukwa mawu akuti "woganiziridwa" tatsala kungowatchula ndi pakamwa. Mumtima mwathu, ngakhalenso m'kagwiridwe ka ntchito ka maofesi anu, munthu akangovala unyolo ndiye kuti mlandu wake watha kale, chatsala n'kusainira.

M'chaka cha 1215, pamalo otchedwa Runnymede, nduna ndi eni malo a ku England anakakamiza Mfumu John kuvomereza chikalata cha Magna Carta. Zambiri za m'menemo zinali zofuna za anthu olemera a nthawiyo ndipo zinaiwalika kalekale. Koma muli ndime ziwiri zimene zimakhudzabe ntchito yanu mpaka lero. Ya nambala 39 imaletsa kumanga mfulu kapena kumulanda katundu popanda chigamulo chotsata lamulo. Mu ya nambala 40 mfumu ikulonjeza kuti chilungamo sidzachigulitsa kwa munthu aliyense, sidzamumana, ndipo sidzachichedwetsa. Taonani mmene anaziyalira zitatuzi. Kuchedwetsa anakuika pamzere umodzi ndi kugulitsa. Ife masiku ano majisitireti wolandira ndalama timamutcha wakatangale, koma amene waimitsa mlandu kakhumi timangoti akupanikizika ndi ntchito. Kwa munthu amene akugona pasimenti kudikira tsiku lake, awiriwa akumuchita chinthu chimodzimodzi.

Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo ananena zoona. Fayilo ikhoza kukhala pashelefu zaka 10 n'kuitsegula ili momwemo. Munthu ndiye amawola. Amene ali pa rimandi ntchito imamuthera mwezi woyamba. Mwininyumba amatulutsa banja lake, ana amasiya sukulu, ndipo iye m'chipinda chothinana cha anthu ogona mosinthana amatengako mphere kapena chifuwa chachikulu. Mboni imene ikanamupulumutsa imasamuka, ina imamwalira, ina imaiwala kuti linali Lachiwiri kapena Lachitatu. Tsiku limene khothi lidzanene kuti palibe umboni, adzatuluka ndi thumba la pulasitiki m'manja, wopanda pobwerera. Chilango walandira chonse, ngakhale palibe woweruza amene anachigamula.

Ndinazionera pafupi pamene mbale wanga wina anamangidwa pa mlandu wa katundu amene anasowa kuntchito kwake. Ndinakhala pabenchi ya khothi maulendo osawerengeka. Ulendo wina kunalibe galimoto yotenga akaidi kundende. Ulendo wina wapolisi wofufuza mlanduwo anali ku maphunziro. Kenako doketi inasowa, itapezeka majisitireti anali atamusamutsa, ndipo watsopanoyo anafuna kuyambiranso. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene ndinganene kuti anali woipa mtima. Aliyense ankangoti, "Bwerani mwezi wa mawa," ndipo aliyense ankapita kukagona kunyumba kwake. Mlanduwo unathetsedwa popanda ngakhale mboni imodzi kuima.

Musaganize kuti n'zochitika m'maiko osauka okha. Padziko lonse muli akaidi oposa 11 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ndi munthu amene khothi silinamupeze wolakwa. Mumzinda wa New York, mu 2010, mnyamata wa zaka 16 dzina lake Kalief Browder anamangidwa pomuganizira kuti waba chikwama chakumsana. Belo anaiika pa madola 3,000 ndipo banja lake linalephera kulipira. Anakhala zaka 3 kundende ya Rikers Island, pafupifupi ziwiri mwa zakazo ali yekhayekha m'kachipinda. Ankamuuza kuti akavomera mlandu atuluka, iye anakana chifukwa ankati sanabe. Mu 2013 boma linangousiya mlanduwo. Mu 2015 mnyamatayo anadzipha ali ndi zaka 22. Ku India nako, m'chigawo cha Assam, Machang Lalung anamangidwa mu 1951 pa mlandu wovulaza munthu, anamutumiza kuchipatala cha amisala, ndipo boma linamuiwala komweko. Anatuluka mu 2005, patatha zaka 54, mlandu wake usanazengedwe n'komwe. Belo imene khothi linamuikira pomutulutsa inali rupee imodzi.

Chondipweteka n'chakuti sindikupempha lamulo latsopano. Malamulo alipo, ndipo ambiri a inu munawaloweza kusukulu. Chikalata cha ufulu wa anthu chimene bungwe la United Nations linavomereza pa 10 December 1948 chimati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khothi litamupeza wolakwa. Pangano la United Nations la 1966 la ufulu wa nzika ndi ufulu wa pa ndale, m'gawo 9, limati womangidwa aonekere msanga pamaso pa woweruza, ndipo limanena mosapita m'mbali kuti kusunga anthu m'ndende podikira mlandu kusakhale chizolowezi. Pangano la Africa la ufulu wa anthu la 1981 limabwereza m'gawo 7 kuti mlandu uzengedwe m'nthawi yoyenera. Malamulo aakulu a maiko ambiri anachita kuwerenga maola: ku Malawi gawo 42 likuti maola 48, ku South Africa gawo 35 likutinso maola 48, ku Kenya ndi ku India ndi maola 24. Koma lamulo lowerenga maola limafuna munthu woyang'ana wotchi. Ndani mwa inu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kudziwa kuti m'chitokosi chakuti muli munthu amene wapitirira maola ake? Ndipo wapolisi wamkulu amene wapitiriza maolawo chimamuchitikira n'chiyani? Ngati yankho lili loti palibe, ndiye kuti gawo lija ndi chokongoletsera buku.

Nkhani ya belo ndiidutse mwachidule. Cholinga cha belo n'chakuti munthu adzabwere kukhothi pa tsiku lake. Mukaika ndalama zimene mukudziwa kuti sangazipeze, mwamukaniza belo koma mwaopa kulemba choncho. Zotsatira zake timaziona tonse: woganiziridwa kuba ndalama zankhaninkhani za boma amatuluka tsiku lomwelo atazunguliridwa ndi maloya, woganiziridwa kuba foni amatha chaka ali m'kati.

Tsopano ndifike pa maola oyambirira aja, munthu akangolowa kupolisi, pakuti milandu yambiri imagamulidwira pamenepo ngakhale woweruza sakhalapo. Ndikunena za kuvomera mlandu. Ambirife timakhulupirira kuti munthu wosalakwa sangavomere chimene sanachite. Ndi chikhulupiriro cha anthu amene sanagonepo m'chitokosi. Munthu amene sanagone masiku atatu, wamenyedwa m'mapazi, wauzidwa kuti mnzake waulula kale ndipo akasaina apita kwawo, amasaina. Amadziuza kuti akakafika pamaso pa jaji akafotokoza zonse. Sadziwa kuti pepala limenelo lidzalemera kuposa mawu ake onse.

Ku Japan, dziko la apolisi ophunzira bwino ndi zipangizo zonse, Iwao Hakamada anamangidwa mu 1966 pomuganizira kuti wapha bwana wake, mkazi wa bwanayo ndi ana awiri. Anamufunsa mafunso pafupifupi masabata atatu, maola ochuluka tsiku lililonse, mpaka anavomera. Kukhothi anakana, nanena kuti anachita kumukakamiza, koma mu 1968 anamugamula kuti aphedwe. Anakhala zaka zoposa 40 akudikira chingwe, mlongo wake akumumenyera nkhondo kunja. Anamutulutsa mu 2014, ndipo mu September 2024 khothi la ku Shizuoka linamupeza wosalakwa, litanena kuti umboni wina, kuphatikizapo zovala zamagazi, unali wochita kupanga. Anali ndi zaka 88, mutu wake utasokonekera kale ndi moyo wa m'ndende. Ku England, mabomba ataphulika m'malo omwera mowa ku Birmingham mu 1974 n'kupha anthu 21, dziko lonse linafuna kuona wina atamangidwa. Amuna 6 anagwidwa, anamenyedwa, anayi mwa iwo anasaina mapepala ovomera. Khothi la apilo linawamasula mu 1991 atakhala zaka 16 m'ndende. Mabanja a anthu 21 aja mpaka lero sanaone munthu wina atapezeka wolakwa pa imfa za abale awo.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, makamaka inu amene mumati omenyera ufulu amaiwala ozunzidwa. Mu April 1989 mayi wina anagwiriridwa ndi kumenyedwa koopsa ku Central Park mumzinda wa New York. Apolisi anagwira anyamata asanu a zaka za pakati pa 14 ndi 16, anawapanikiza ndi mafunso, anavomera, ndipo anamangidwa. Fayilo inatsekedwa. Koma amene anachita zimenezo, Matias Reyes, anali akuyenda mumsewu. M'miyezi yotsatira chaka chomwecho anagwiririra amayi ena, n'kupha mmodzi amene anali woyembekezera. Choonadi chinadziwika mu 2002 pamene iye mwini anaulula ndipo DNA, chizindikiro cha m'thupi chosiyanitsa munthu ndi mnzake, inagwirizana ndi mawu ake. Mukamanga munthu wolakwika, kufufuza kumaima, chifukwa palibe amafunafuna chimene akuti wachipeza. Ufulu wa woganiziridwa ndi sefa imene imathandiza boma kudziwa ngati lagwiradi mwini mlandu. Mukaiboola kuti ntchito ifulumire, wopindula woyamba ndi chigawenga chenichenicho.

Sindikunyoza apolisi. Ndikudziwa kuti wofufuza milandu ambiri amakhala ndi madoketi ochuluka kuposa amene munthu mmodzi angathe, alibe mafuta opitira kumene kwachitikira mlandu, alibe poyezera zidindo za zala, ndipo kunja kwa ofesi kuli khamu likufuula kuti atipatse timuone ife. Pamwamba pake pali bwana amene akufuna lipoti lisanakwane Lachisanu. Munthu wotere chibonga chimamuonekera ngati njira yachidule. Koma amene amagawa ndalama za boma ndinu, ndipo amene mumakweza pantchito wapolisi chifukwa cha kuchuluka kwa anthu amene wamanga, osafunsa kuti ndi angati amene khothi linawapeza olakwa, ndinunso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kumafuna mafuta, nthawi ndi bwana amene sachita manyazi kuuza atolankhani kuti tikufufuzabe.

Njira yotsika mtengo ilipo. Dziko la England litaotcha zala ndi milandu ya mtundu umenewu, lamulo la 1984 lokhudza apolisi ndi umboni linatsegula njira yoti mafunso a kupolisi azijambulidwa pa tepi. Apolisi ena poyamba anadandaula, koma tepiyo imatetezanso wapolisi woona mtima amene akunamiziridwa kuti anamenya munthu. Lero foni ya m'thumba imajambula mawu ndi zithunzi. Lamulani kuti mawu ovomera mlandu amene sanajambulidwe kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza asalandiridwe kukhothi. Ndipo inu oweruza, pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu la 1984, m'gawo 15, linakuuzani kale kuti mawu otengedwa mozunza si umboni. Munthu akaima m'bokosi akutsimphina, nanena kuti anamumenya, musangolemba n'kupitiriza. Mukalandira pepala lotere kamodzi, mwaphunzitsa polisi yonse kuti kumenya kumalipira.

Za loya nazonso. M'khothi boma limabwera ndi munthu wodziwa malamulo, apolisi, mafayilo ndi chidindo. Mbali inayi kwaima munthu amene mwina sanalowepo m'khothi chibadwire, akuuzidwa kuti afunse mboni mafunso. Amayamba kufotokoza nkhani yake, woweruza amamudula kuti ino ndi nthawi ya mafunso, iye amakhala chete, ndipo m'kaundula mumalembedwa kuti analibe funso. Clarence Gideon wa ku Florida anapempha loya mu 1961 pa mlandu wothyola nyumba, khothi linamukaniza, anadziimira yekha n'kugamulidwa zaka 5. Ali m'ndende analemba ndi pensulo kalata yopita kukhothi lalikulu la dziko la America, ndipo mu 1963 majaji onse anagwirizana kuti wosauka woimbidwa mlandu waukulu boma limupatse loya. Mlandu wake utazengedwanso, loya ali pambali pake, anapezeka wosalakwa. Munthu anali yemweyo, mlandu unali womwewo.

Mudzati maloya ndi ochepa ndipo ndalama palibe. Yankho la zimenezo linaperekedwa kale mu Africa muno. Chikalata cha ku Lilongwe cha 2004 chokhudza thandizo la zamalamulo chinavomereza kuti anthu ophunzitsidwa zamalamulo amene si maloya akhoza kulowa m'ndende ndi m'mapolisi, kufotokozera omangidwa za belo, kutsata mafayilo osowa, kuitana abale, ndi kukumbutsa khothi za anthu amene laiwala. Mfundo zimene bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linavomereza ku Luanda, ku Angola, mu 2014 zinaonjezera tsatanetsatane wa mmene munthu ayenera kumangidwira ndi kusungidwira. Chofunika n'chakuti anthu amenewa muwalole kulowa pa ola loyamba, munthu asanasaine kanthu, ndipo malipiro awo alowe m'ndondomeko ya zachuma ya boma m'malo modalira mabungwe akunja amene lero alipo mawa achoka.

Pali kanthu kena kamene kamaoneka kakang'ono: chiyankhulo. Milandu yambiri imazengedwa m'chiyankhulo chimene woimbidwa mlandu sachimva, ndipo moyo wake umakhala pa lilime la womasulira. Womasulira akafunsa kuti, "Ukuvomera kapena ukukana?" munthu amayankha kuti, "Eya, ndinamumenyadi," akufuna kupitiriza kuti mnzakeyo ndiye anayamba kumuthamangitsa ndi chikwanje. Khothi lamva kale "eya". Kuvomera kuti chinthu chinachitika ndi kuvomera mlandu ndi zinthu ziwiri zosiyana m'malamulo, koma palibe anamuuza. Womasulira wophunzitsidwa bwino, ndi woweruza wofatsa amene amafunsa kachiwiri, akhoza kupulumutsa zaka za munthu m'mphindi zisanu.

Ndikudandaulenso ndi chizolowezi choimika oganiziridwa pamaso pa makamera, atakhala pansi, katundu atayalidwa patsogolo pawo, mneneri wa apolisi akulengeza kuti tagwira mbava. Zithunzizo zimazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp tsiku lomwelo, ndipo sizifufutika. Khothi likadzamumasula munthuyo patatha chaka, palibe amaitana atolankhani. Choipa china n'chakuti mboni imene yaona nkhope pa foni ikapita pa pelete yozindikira woganiziridwa imaloza nkhope ya pa foniyo, ndiye umboni mwauononga nokha. Ndipo anthu akamva boma likunena kuti uyu ndi wakuba, kenako n'kumuona kumsika ali pa belo, amaganiza kuti wagula chilungamo. Ulendo wina sapitanso naye kupolisi, amafunafuna matayala ndi petulo. Mchitidwe wolanga okha oganiziridwa mumaudzudzula pa wailesi, koma mbewu yake ina imafesedwa pa misonkhano yanu ya atolankhani.

Mwina mukuwerenga izi ngati nkhani ya anthu ena, a mtundu umene inu simudzakhalamo. Orton Chirwa anali loya wophunzira ku London, nduna ya zachilungamo komanso mlangizi wamkulu wa boma la Malawi pa zamalamulo. Atasemphana ndi Dr Banda mu 1964 anathawira kunja. Mu December 1981 iye ndi mkazi wake Vera, amenenso anali loya, anagwidwa n'kuwaimba mlandu woukira boma. Mlanduwo unazengedwa m'khothi la mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu. Mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe, chilangocho chinasinthidwa kukhala cha moyo wonse, ndipo Orton anafera kundende ya Zomba mu October 1992. Bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linadzapeza kuti mlanduwo sunazengedwe mwachilungamo, ndipo Vera atatuluka mu 1993 anadzatumikira m'bungwe lomwelo, akuyendera ndende za maiko osiyanasiyana. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Boma likasintha, nduna zadzulo ndi zimene zimayamba kufunsa za maola 48, za belo, za loya, ndipo zimapeza zitokosi zili mmene zinazisiyira.

Ndiye pempho langa lomaliza silifuna msonkhano wa kuhotela kapena komiti. Sabata ino, aliyense wa inu asankhe polisi imodzi kapena ndende imodzi, apiteko osadziwitsa, asiye galimoto patali. Mukafika musalowe mu ofesi ya bwana. Pemphani buku lolembamo omangidwa, muime nalo pakhomo la chitokosi, muitane maina mmodzimmodzi. Aliyense mumufunse kuti analowa liti, anauzidwa mlandu wanji, anaonana ndi woweruza liti, ndipo tsiku lake lobwerera kukhothi ndi liti. Amene sakupezeka m'buku koma ali m'chipinda, amene kalata yomusungira inatha mphamvu, amene wakhala nthawi yoposa chilango chimene akanalandira akanapezeka wolakwa, mulembe maina awo ndi dzanja lanu. Mapepalawo muwapereke kwa jaji wamkulu, ndipo mwezi ukatha mutiuze kuti pa maina amenewo ndi angati amene aonekera kukhothi.

Ndine wanu,
Nzika imene inakhalapo pabenchi ya khothi